Munda wa sola ukamangidwa kumudzi, magetsi ake amapita kuti?

Nkhani zotere zimafika kuno ku Joni kudzera pa WhatsApp, kawirikawiri usiku anthu ataweruka. Wachibale kumudzi watumiza uthenga wa mawu: kwabwera anthu a zipewa zoyera, ayeza malo kuseri kwa sukulu, akhoma zikhomo, ndipo amfumu alengeza kuti kumangidwa munda wa sola. Gulu la anthu ochokera dera limodzi, ena ali ku Mayfair, ena ku Rosettenville, ena ku Diepsloot ndi ku Cosmo City, limagawikana pomwepo. Awa akuti tiyambe kutumiza ndalama pa Mukuru kuti nyumba ziikidwe mawaya, magetsi afika. Awo akuti minda yapita, tidzabwerera kwathu kopanda polima.

Onsewa akhoza kukhala akunena zoona, akhozanso kukhala akulakwitsa. Yankho silili m'mapanelo. Lili mu nthambo zimene zikokedwe, m'mapepala a malo, ndi mu mgwirizano umene kampani isainirane ndi wogula magetsi. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Munda wa sola n'chiyani?

Aliyense wokhala mu Johannesburg anawaonapo mapanelo pa madenga a ku Randburg kapena Sandton, ndipo alipo abale athu amene ntchito yawo ndi yomweyo, kukwera padenga n'kumanga. Anachuluka kwambiri mu 2023, chaka chimene load shedding ya Eskom inafika poipitsitsa. Munda wa sola ndi chinthu chomwecho, koma choyalidwa pansi pa mahekitala ambiri, ndipo magetsi ake ndi a malonda. Mwini wake sakuwafuna kunyumba kwake.

Panelo imapangidwa ndi tizidutswa ta silikoni totsekeredwa m'galasi. Kuwala kukagunda tizidutswato, magetsi amayamba kuyenda. Onani kuti tati kuwala, sitinati kutentha. Panelo ikatentha kupitirira madigiri 25 imayamba kufooka, ndipo pa digiri iliyonse yowonjezera imataya pafupifupi 0.3 kapena 0.4 pa 100 ya mphamvu yake. Choncho tsiku lowala bwino la mu Juni limaikomera panelo kuposa masana a mu Okutobala ku Nsanje.

Luso limeneli si la dzulo. Edmond Becquerel wa ku France anazindikira mu 1839 kuti kuwala kungatulutse magetsi. Mu 1954 akatswiri a ku Bell Labs ku America anapanga kachidutswa ka silikoni kamene kankasandutsa pafupifupi 6 pa 100 ya kuwala kukhala magetsi, ndipo mu 1958 tizidutswa totere tinakwera mumlengalenga pa setilaiti ya Vanguard 1. Mapanelo a lero amafika 20 mpaka 22 pa 100. Koma chimene chawafikitsa ku Salima ndi ku Dedza ndi mtengo: pakati pa 2010 ndi 2020 unatsika ndi pafupifupi 90 pa 100, makamaka chifukwa cha mafakitale akuluakulu a ku China.

Mukalowa mkati mwa mpanda mupeza izi. Panelo imodzi ya mawati 550 ndi yaitali pafupifupi mamita 2.3, m'lifupi mita imodzi ndi pang'ono, ndipo imalemera makilogalamu 28 kapena cha pamenepo. Mapanelo 25 mpaka 30 amalumikizidwa mondondozana kukhala mzere umodzi, ndipo mzere wotere umanyamula mavoti ofika 1,500, okwanira kupha munthu nthawi yomweyo. Amakhala pa zitsulo zokhomeredwa pansi. Zina ndi zokhazikika, zopendekera kumpoto. Zina zili ndi mota yozitembenuza pang'onopang'ono kutsatira dzuwa kuchoka kum'mawa mpaka kumadzulo. Magetsi otuluka m'mapanelo ndi a DC, ngati a m'batire la galimoto, pamene a m'nthambo za ESCOM ndi a AC. Ntchito yosintha ndi ya inveta. Kuchoka apo thiransifoma imakweza mphamvu kufika mavoti 33,000, ndipo m'minda ikuluikulu sabusiteshoni imakwezanso kufika 132,000.

Megawati ndi yuniti

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ndipo olengeza nkhani za chitukuko sathandiza kwenikweni. Ganizirani mpopi ndi chidebe. Megawati, yomwe ndi mawati miliyoni imodzi, ikukuuzani kukula kwa mpopi, madzi amene ungatulutse utatsegulidwa wonse. Yuniti, yomwe timagula ija pa mita ya ESCOM kapena ya City Power, ndi madzi amene alowadi m'chidebe. Chipangizo cha mawati 1,000 chikayaka ola limodzi chadya yuniti imodzi.

Mpopi wa dzuwa sutuluka tsiku lonse. M'mawa ndi madzulo umangodontha, masana ndiye umakhuthula, usiku ziii. Mukaphatikiza zonse, ku Malawi zimafanana ndi maola 5 kapena 6 a dzuwa lamphamvu patsiku.

Titenge chitsanzo cha munda wa mamegawati 20. Pamafunika mapanelo a mawati 550 oposa 36,000. Mukachulukitsa mamegawati 20 ndi maola 5.5, n'kuchotsapo gawo limodzi mwa magawo asanu lotayika chifukwa cha kutentha, fumbi, mawaya ndi mainveta, mutsala ndi mayunitsi pafupifupi 88,000 patsiku. Ngati nyumba imodzi imadya mayunitsi 5 patsiku, ndiye kuti ndi nyumba zoposa 17,000. Mawerengedwe onga awa ndi amene amabala chiganizo chomveka pa misonkhano, chakuti “munda uwu upereka magetsi ku nyumba masauzande akutiakuti”. Chiganizocho chimangoyeza kuchuluka kwa magetsi. Sichitanthauza kuti nyumba zimenezo zilumikizidwa, ndipo sichinena kuti ndi za m'mudzi mwanu.

Chifukwa chake dziko likufuna dzuwa

Kwa zaka zambiri magetsi a Malawi akhala akudalira mtsinje umodzi. Nkula A inayamba kugwira ntchito mu 1966, kenako kunabwera Tedzani, Nkula B ndi Kapichira, zonse pa Shire. Madzi a m'nyanja akatsika, monga zinachitikira mu 2016 ndi 2017, dziko lonse limakhala mumdima maola ambiri. Mvula ikachuluka, matope ndi zinyalala zimatseka makina. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mbali ya damu la Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130, gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a m'madzi, anazima kwa nthawi yoposa chaka.

Lamulo la magetsi litasinthidwa mu 2016, ntchito yopanga magetsi inachoka ku ESCOM n'kupita ku EGENCO, yomwe inayamba mu 2017, ndipo khomo linatseguka kuti makampani oima paokha azipanga magetsi n'kumagulitsa. ESCOM inatsala ndi nthambo ndi makasitomala, MERA ndiye woyang'anira ziphaso ndi mitengo. Munda waukulu woyamba ndi wa JCM Power ku Salima, wa mamegawati 60, womwe unatsegulidwa chakumapeto kwa 2021. Wa ku Golomoti m'boma la Dedza, wa mamegawati 20, unatsatira mu 2022.

Wa ku Golomoti uli ndi mabatire, ndipo ndi bwino kumvetsa kukula kwake. Amasunga mayunitsi 10,000 ndipo amatha kutulutsa mamegawati 5, kutanthauza maola awiri basi akakhala odzadza. Ntchito yawo yaikulu ndi kugwiriziza pamene mtambo waphimba dzuwa mwadzidzidzi, chifukwa pa nthambo za dziko laling'ono ngati lathu kutsika kotere kumagwedeza makina ena onse. Vuto la madzulo likadalipo: anthu amafuna magetsi kwambiri kuyambira cha m'ma 5 koloko mpaka 9 koloko usiku, nthawi yomwe dzuwa lapita. Mabatire okwanira usiku wonse alipo, koma ndi ndalama zambiri. Kuno ku South Africa, munda wa Scatec ku Kenhardt m'chigawo cha Northern Cape uli ndi mapanelo a mamegawati 540 ndi mabatire osunga mayunitsi oposa miliyoni imodzi.

Basi yaikulu siima pakhomo

Ili ndiye gawo lofunika kwambiri kwa amene akufuna kutumiza ndalama za mawaya.

Basi yonyamuka ku Park Station kupita ku Blantyre imadutsa m'midzi yambirimbiri ya ku Zimbabwe ndi ku Tete, koma siitula munthu pakhomo pake. Imakafika pa depoti. Kuchoka apo mukwera minibasi mpaka pa trading centre, kenako kabaza ndiye akufikitseni kunyumba. Magetsi amayenda chimodzimodzi. Nthambo ya mavoti 132,000 ndi basi yaikulu: imatha kudutsa pamwamba pa denga lanu koma simungatengepo kanthu. Sabusiteshoni ndi depoti. Nthambo za mavoti 33,000 kapena 11,000 ndi minibasi. Thiransifoma yaing'ono ya pa polo, yotsitsa mphamvu kufika mavoti 400 ndi 230, ndiye kabaza, ndipo kabaza ameneyu sapita patali. Mukatalikira kupitirira mamita mazana angapo, mababu amayaka mofooka ndipo mota ya fuliji imapsa.

Munda waukulu umagulitsa magetsi ake onse kwa wogula mmodzi, pa mgwirizano wotchedwa PPA umene kawirikawiri umakhala wa zaka 20 kapena 25. Chiphaso chake ndi chopanga magetsi, si chogawa m'nyumba. Ndiye n'zotheka ndithu kuti mudzi woyandikana ndi mpanda ukhalebe ukuunikira matochi, mapanelo masauzande akunyezimira kutsidya kwa msewu. Kukokera nthambo m'midzi ndi ntchito ya ESCOM ndi ya pulogalamu ya boma yofikitsa magetsi kumidzi ya MAREP, yomwe inayamba mu 1980, ndipo ili ndi ndandanda yakeyake ya malo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ku Malawi ndi zimene zinkaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri kuposa apo.

Pali mtundu wina wosiyana kotheratu, wotchedwa minigiridi. Uwu ndi munda waung'ono wokhala ndi mabatire ake, mapolo ake ndi mamita ake, womangidwira mudzi womwewo. Zitsanzo zilipo: kwa Sitolo ku Mchinji kuli wa sola wa makilowati 80, ndipo kwa Bondo ku Mulanje kuli wa madzi. Minigiridi ndiye imayatsadi babu m'nyumba, koma ili ndi malire ake. Yuniti yake imakhala yodula kuposa ya ESCOM chifukwa anthu ochepa akugawana mtengo wa mabatire, omwe amatha ndipo amafunika kugula ena. Mbaula ya magetsi ndi simbi nthawi zambiri amaletsa. Chigayo chimafuna magetsi a three-phase, obwera pa nthambo zitatu za moto, ndipo mota yake poyamba kuzungulira imakoka mphamvu yochuluka kasanu kapena kuposa pa imene imadya ikakhazikika. Inveta ikakhala yaing'ono, chigayo chikangolira mudzi wonse umazima.

Choncho musanatumize ndalama, funso loyamba ndi ili: ndi munda wogulitsa ku ESCOM kapena ndi minigiridi? Ngati ndi wogulitsa ku ESCOM, kodi pali thiransifoma ya mudzi yolembedwa penapake, ili pamalo ati, alipira ndani? Ndipo ikafika nthawi yoika mawaya, agwire ntchitoyo ndi munthu wa chiphaso chovomerezeka ndi MERA. Luso la ku Joni lopanda pepala la kwathu likhoza kuchititsa kuti nyumba ikanidwe kulumikizidwa.

Malo ndi chipukutamisozi

Megawati imodzi imadya pafupifupi mahekitala awiri mukawerengera misewu ya mkati ndi mipata pakati pa mizere. Munda wa mamegawati 20 uja ndi mahekitala 40, maekala pafupifupi 100, mabwalo a mpira oposa 50. M'madera amene banja limalima malo osafika hekitala imodzi, amenewa ndi mabanja makumi angapo. Kampani imafuna malo athyathyathya, osasefukira, apafupi ndi sabusiteshoni ndi msewu. Mwatsoka, malo otere ndi omwenso amakomera chimanga ndi mtedza.

Malo ambiri a kumudzi ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu. Malamulo a malo a 2016, omwe anasinthidwanso mu 2022, anakhazikitsa makomiti a malo m'midzi ndi njira yoti banja lilembetse malo ake. Lamulo la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA, ndipo ntchito yaikulu ngati iyi imayenera kuyamba ndi kafukufuku wa mmene ikhudzire anthu ndi chilengedwe, wotchedwa ESIA, momwe muli misonkhano yomva maganizo a anthu. Mabanki akunja obwereketsa ndalama, makamaka otsatira mfundo za IFC, nthambi ya Banki ya Dziko Lonse yobwereketsa ndalama ku makampani, amafunanso ndondomeko yolembedwa ya chipukutamisozi, yobwezeretsa njira zopezera ndalama za okhudzidwa, ndi njira yoperekera madandaulo.

Papepala zili bwino. Pamene zimasokonekera ndi apa.

Pamakhala tsiku limene kalembera wa katundu amatsekedwa. Chimene sichinalembedwe pofika tsikulo sichilipiridwa, ndipo chomangidwa pambuyo pake sichiwerengedwa. Kwa munthu amene ali kuno, izi n'zoopsa. Munda uli m'manja mwa mlamu kapena mphwake, owerengera afika, alemba dzina la amene amupeza akupalira. Njira yopewera ndi yosavuta: kalata yosainidwa yonena amene akuimirirani, kope la chiphaso chanu cha unzika, ndipo amfumu ndi komiti ya malo adziwitsidwe kalembera asanayambe. Wokuimiriraniyo ajambule malire a munda, awerenge mitengo ndi mtundu wake ndi msinkhu wake, chifukwa mango wobereka salipiridwa mofanana ndi bulugamu wa chaka chimodzi, ndipo asasaine fomu asanaone kuti nyumba, khola, nkhokwe ndi chitsime zalembedwa. Atenge kope kapena chithunzi cha fomuyo.

M'madera a chikamwini, monga mbali zambiri za Salima ndi Dedza, malo amayenda kudzera kwa amayi. Ndalama zikaperekedwa kwa bambo ngati “mutu wa banja”, mkangano wa mbumba wayamba. Palinso anthu amene kalembera amawadumpha kawirikawiri: ochita lendi munda, odyetsa ng'ombe pamalopo, amayi otola nkhuni, ndi ana amene njira yawo ya kusukulu itsekedwe ndi mpanda. Za manda ndiye zimafuna kukambirana kwapadera, ndipo nthawi zambiri njira yabwino ndi kusuntha mpanda osati mafupa.

Kenako pali kusankha pakati pa kulipidwa kamodzi ndi kulipidwa chaka ndi chaka. Ndalama za kamodzi zimaoneka zambiri, ndipo akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Koma mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo ntchito yotere ikamveka m'dera, mitengo ya minda yoyandikana imakwera. Amene wachedwa kugula munda wina amapeza kuti ndalama zake sizikukwananso ekala yomwe anataya. Lendi ya pachaka imasunga malo m'banja, koma imadalira kuti kampani ikhalabe yokhulupirika kwa zaka 20, ndipo ngati mgwirizano sunanene kuti lendiyo izikwera motsatira mitengo ya zinthu, pofika chaka cha khumi idzangokwanira thumba la feteleza. Njira iliyonse ili ndi mbuna yake.

Ntchito

Pomanga pamafunika anthu mazana: olambula, okumba ngalande za mawaya, onyamula ndi kumanga mapanelo, alonda, ophika. Izi zimatenga chaka kapena chaka ndi theka. Ntchito ikatha amatsala ochepa kwambiri, amisiri a magetsi angapo, otsuka mapanelo, otchetcha udzu ndi alonda. Amene akuganiza zosiya ganyu kuno kuti akalembedwe kwawo awerengere zimenezi. Mwayi weniweni uli kwa amene ali ndi pepala la zamagetsi, la ku TEVETA kapena la kuno, ndi amene anagwirapo mainveta. Mawu akuti “tilemba anthu a m'deralo” amafunika kufunsidwa bwino: dera lake likuthera pati, m'mudzi, kwa T/A, kapena boma lonse?

Zimene South Africa inayesa

Popeza tili kuno, tione mmene eni dziko anachitira. Mu 2011 boma la South Africa linayambitsa pulogalamu ya REIPPPP, momwe makampani amapikisana kuti agulitse magetsi a dzuwa ndi a mphepo ku Eskom kwa zaka 20. Munda wa Kalkbult wa mamegawati 75 ku Northern Cape unayamba kupereka magetsi mu 2013, wa Jasper pafupi ndi Postmasburg mu 2014. M'zigawo zoyamba za mpikisanowu, mtengo wa magetsi unkapatsidwa malikisi 70, ndipo 30 otsalawo ankachokera pa ntchito, umwini ndi chitukuko cha anthu. Anthu okhala mkati mwa makilomita 50 ankayenera kukhala ndi masheya osachepera 2.5 pa 100, kawirikawiri kudzera mu thirasiti ya dera, ndipo kampani inkayenera kugwiritsa ntchito osachepera 1 pa 100 ya ndalama zolowa pa chitukuko cha m'deralo.

Zabwino zinaoneka: mabasale, makalasi, thandizo ku zipatala ndi ku mabizinesi ang'onoang'ono. Zodandaulitsa zinaonekanso. Masheya a anthu aja anagulidwa ndi ngongole, ndiye phindu la zaka zoyamba limapita kobweza ngongoleyo, ndipo ndalama zooneka zimayamba kufika patadutsa zaka zambiri. Zili ngati kupatsidwa ng'ombe koma mkaka wa zaka khumi zoyamba ndi wa amene anakugulirani. M'madera ena munabuka mikangano ya amene ayenera kukhala mu thirasiti, ndipo m'matauni amene makampani angapo anamanga moyandikana, aliyense ankachita zake osafunsana ndi khonsolo.

Phunziro kwa anthu a kwathu ndi la kalembedwe. Lonjezo la mjigo, buloko ya sukulu kapena thiransifoma lonenedwa pansi pa mtengo ndi mphepo chabe. Likhale papepala losainidwa ndi kampani, khonsolo ndi oimira mudzi, lonena chinthucho, ndalama zake, tsiku lomaliza, ndi amene adzakonze chikawonongeka. Makomiti a VDC ndi ADC asunge makope. Makampani a sola amagulitsidwa kawirikawiri ntchito yomanga ikatha, ndiye pepalalo linenenso kuti wogula adzasenza malonjezo omwewo.

Zimene zimawonongeka, ndi mphekesera

Mdani woyamba ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, mapanelo osatsukidwa amataya mphamvu mooneka, ndipo chitosi cha mbalame pa kachidutswa kamodzi chimachititsa malowo kutentha kwambiri mpaka kupsa. Kutsuka kumafuna madzi oyera; amchere amasiya mawanga pagalasi. Madziwo achokera kuti? Kampani ikakumba chitsime chakuya pafupi ndi mijigo ya mudzi, ndi bwino kuyeza mulingo wa madzi m'mijigomo ntchito isanayambe, kuti mawa pasadzakhale kulozana zala.

Wachiwiri ndi moto. Udzu wouma pansi pa mapanelo ndi moto wosakira mbewa sizigwirizana. N'chifukwa chake amalambula mpata kuzungulira mpanda. M'maiko ena amalowetsamo nkhosa kuti zidye udzu, ndipo woweta amapindula. Mbuzi ayi: zimakwera pa mapanelo ndi kutafuna mawaya.

Palinso madzi a mvula. Malo akalambulidwa ndi kusalazidwa, madzi amathamanga m'malo molowa pansi, ndipo ngalande zikalozetsedwa molakwika zimakathira m'minda ya kumunsi n'kukumba zigwembe. Kuba mawaya a kopa, vuto lomwe aliyense wa mu Johannesburg akulidziwa, kumafikanso kumidzi. Mphenzi imawononga mainveta ngati nthambo zopita pansi sizinaikidwe bwino. Inveta payokha imatha pakati pa zaka 10 ndi 15, pamene mapanelo amafooka ndi theka la 1 pa 100 chaka chilichonse ndipo opanga amawatsimikizira zaka 25 kapena 30.

Mphekesera ziwiri zimamveka kulikonse. Yoyamba ndi yakuti mapanelo amathamangitsa mvula. Mvula ya kwathu imabwera ndi mphepo zochokera ku Congo ndi kunyanja ya Indian, zoyenda makilomita mazana ambiri. Mahekitala 40 a galasi sangaitembenuze. Yachiwiri ndi yakuti amatulutsa cheza chodwalitsa. Panelo imalandira kuwala, situlutsa utsi kapena mpweya. Zoopsa zenizeni ndi mavoti a mkati mwa mpanda, ndi malole a nthawi yomanga odutsa pafupi ndi sukulu.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la mtengo. Makampani amabwereka ndalama za kunja, ndiye mtengo wa mu PPA nthawi zambiri umatsatira dola, pamene ESCOM imatolera makwacha. Kwacha ikagwa, kusiyanako kugwera ndani, wogula mayunitsi, boma, kapena kampani? Ena amati ngakhale zili choncho dzuwa ndi lotsika mtengo kuposa majenereta a dizilo amene dziko linkabwereka magetsi akavuta. Ena amati mgwirizano wa zaka 20 umamanga dziko pa mtengo wa lero pamene mapanelo akutsikirabe.

Lachiwiri ndi la nthambo. Ku Northern Cape dzuwa lilipo lambiri, koma nthambo zonyamula magetsi zinadzaza, moti ntchito zatsopano zikusowa polumikiza. Nthambo za ESCOM zingalandire dzuwa lochuluka bwanji zisanayambe kugwedezeka, ndipo nthambo yochokera ku Matambo ku Mozambique kufika ku Phombeya m'boma la Balaka isintha chiyani pa nkhaniyi?

Lachitatu: kodi lamulo likakamize kuti mudzi wopereka malo ulumikizidwe ku magetsi, kapena ukhale ndi masheya monga anachitira kuno? Ovomereza amati n'chilungamo kwa amene ataya minda. Otsutsa amati ndalama zake zidzabisika mu mtengo wa yuniti, n'kulipiridwa ndi wina wa ku Ndirande amene sanafunsidwe.

Lachinayi ndi la minigiridi. Nthambo za MAREP zikadzafika m'mudzi umene uli kale ndi minigiridi, ndi yuniti yotsika mtengo, amene anaika ndalama zake pa mabatire ndi mapolo adzatani, ndipo makasitomala adzasankha okha kapena adzasankhiridwa?

Lomaliza ndi la chaka cha 25. Mapanelo 36,000 otopa adzapita kuti, pomwe ntchito yowaphwasula kuti galasi, aluminiyamu ndi siliva zigwirenso ntchito ikadali yaing'ono ngakhale kuno ku South Africa? Zitsulo zokhomeredwa pansi, konkire ya pa sabusiteshoni ndi mawaya okwiriridwa adzazula ndani, ndi ndalama zosungidwa kuti? Ndipo malowo akadzamasulidwa, adzabwerera kwa zidzukulu za amene anasaina, kwa amfumu, kapena ku boma?